Nyenyezi Imodzi ya Mwana wa Telala

Amayi okondedwa,

Landirani moni wanga. Kodi mwadzuka bwanji masiku ano? Achemwali anandiuza kuti chifuwa chija chinakusiyani koma msana ndiwo ukukana kumva mankhwala. Musamanyamule ndowa, Amayi, adzukulu adzaza pakhomopo. Nanga maondo a bambo ali bwanji ndi kuzizira kumeneku? Ine ndili bwino, kupatula dzino la kumanzere limene landizunza masabata awiri. Analizula Lachinayi, ndipo tsopano ndikutafunira mbali imodzi ngati mbuzi yokalamba.

Ndinasamuka m'chipinda chodontha chija. Chimene ndapezachi ndi chaching'ono, bedi ndi tebulo zimachita kugundana, koma zenera lake layang'ana kotulukira dzuwa ndipo basi ya ku ntchito imaima pafupi. Eni nyumba ndi mayi wabwino mtima, vuto lawo ndi lakuti aliyense wolowa pa geti amafuna adziwe kwawo ndi mpingo wake.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Nkhani imene ndili nayoyi ndayesa katatu kuiyamba pa foni, koma ndikangomva mawu anu ndimathera kufunsa za nkhuku. Muwerenge muli nokha kaye.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito ku kampani ya kanema imene yapanganso sewero la apolisi lija tinkaonera kwa anzathu tili ana. Azakhali amauza anthu kuti ndimaoneka pa kanema, koma si zoona. Ine ndimakhala m'kachipinda kakumbuyo ndi anzanga atatu, aliyense ndi kompyuta yake. Gawo lililonse likaonetsedwa Lamlungu, owonera amatumiza mauthenga, ena amaimba foni, ndipo aliyense amapereka nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu. Ife timawerenga zonsezo n'kulemba lipoti. Lolemba m'mawa abwana amakhoma pepala pakhoma losonyeza ngati anthu akulikonda sewerolo kapena ayi.

Anthu amanena zambiri, Amayi. Pali bambo wina wachikulire amene amaimba Lolemba lililonse kudandaula kuti sajeni wa m'sewero lakale sankavula chipewa pa ntchito, pomwe watsopanoyu amadyera m'galimoto. Mayi wina anati akupereka nyenyezi zisanu chifukwa cha ndevu za wofufuza milandu, nkhaniyo sanaitsate. Achinyamata amati lakale lija linali bodza lokhalokha, chifukwa wakuba ankagwidwa malonda a sopo asanafike. Akuluakulu amati tawaonongera chinthu chawo. Wina anangolemba kuti galimoto ya apolisi yoyera choncho sanaionepo chibadwire.

Poyamba tinkaseka nazo, koma pepala la pakhoma lija silinkaseketsa. Magawo asanu ndi limodzi oyamba anangopeza nyenyezi ziwiri, ndipo sabata iliyonse owonera ankachepa. A kampani ya sopo, amene amalipira sewerolo, anayamba kunena zochoka. Abwana anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti zikapanda kusintha pofika gawo lakhumi, sewero litsekedwa, ndipo tonse, kuyambira ochita sewero mpaka mayi wosita mayunifolomu, tikapuma kunyumba.

Amene amalemba sewerolo ndi bambo wina wowonda amene timamutcha Pensulo, chifukwa amayenda ndi pensulo kukhutu ngakhale amalembera pa kompyuta. Masana amadya nafe pa masitepe a kumbuyo. Tsiku lina anadandaula kuti nkhani zake zonse amangozipeka m'mutu, ndipo owonera amanunkhiza zimenezo ngati galu. Anafunsa ngati pakati pathu pali amene anakhalapo pafupi ndi wapolisi weniweni. Anzanga anapitiriza kudya. Ine ndinatsekula pakamwa.

Mukukumbukira tsiku lija tinkayanika yunifolomu ya bambo, njenjete zitayamba kuidya m'sutikesi? Ndinakufunsani chifukwa chake anasiya ntchito akadali ndi mphamvu. Munandiuza kuti pa sitolo ina panabedwa mipukutu ya nsalu, ndipo wakuba anali mphwake wa mkulu wa pa siteshoni yawo. Mlandu anaukankhira kwa telala amene ankasoka pakhonde la sitoloyo. Bambo ndiwo anatumidwa kukamugwira. Telalayo anapempha kuti amalize kaye mpendero wa diresi la kusukulu la mwana wake, ndipo bambo anaima pambali, unyolo uli m'manja, mpaka munthuyo anadula ulusi. Kenaka bambo anasaina chikalata chonena kuti nsaluzo anazipeza m'nyumba mwa telalayo, pomwe sanapezemo kanthu. Munthuyo anakhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi. Patapita zaka ziwiri bambo anasiya ntchito, n'kumauza anthu kuti ndi maondo. Munamaliza ndi kundiuza kuti nkhaniyi ithere pa chingwe choyanikirapo.

Amayi, nkhani imeneyi ndinaipereka kwa Pensulo. Ndinanama kuti inachitikira munthu amene tinayandikana naye nyumba, koma zina zonse ndinazinena momwe munandiuzira, mpaka za diresi. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinkapulumutsa ntchito za anzanga. Mwina pang'ono. Koma zoona zake n'zakuti ndinaona anthu asiya kudya akundimvetsera, ndipo zinandikomera.

Inatuluka m'gawo lachisanu ndi chinayi. Ndikudziwa kuti kwanuko simunaone, poti bambo amazimitsa kanema ikangoyamba nyimbo ya sewero limeneli, monga ankachitira ndi lakale lomwe. Pensulo anawonjezera zinthu ziwiri. Anachititsa kuti wapolisiyo adziwe zoona atamugwira kale telala, n'kusaina mokakamizidwa. Ndipo kumapeto, tsiku lotuluka telala, wapolisiyo anali pa geti la ndende, atavula chipewa, n'kugwada pa fumbi.

Lolemba lake mafoni sanapume. Nyenyezi zinakwera kufika zinayi ndi theka. Ena ankati wapolisiyo ndi wamantha, ena ankati anali ndi ana oti adyetse, ndipo ankakangana okhaokha ngati ndi m'bale wawo. Bambo wa chipewa uja anati kwa nthawi yoyamba alibe dandaulo. Munthu wina anati anagwirapo ntchito ya upolisi zaka makumi atatu, anayamba kulira, n'kudula foni asanapereke nyenyezi. A sopo anabwerera. Abwana anagwira Pensulo chanza pamaso pa tonse, iye n'kunditsinzinira diso. Ine ndinamwetulira.

Lachitatu masana, pakati pa mauthenga oyamikira, ndinapeza wa nyenyezi imodzi. Ndaukopera pano momwe unalili:

"Diresi limene telala ankapenderalo linali langa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Zimene mwaonetsa zinachitikadi, kupatula mapeto. Pa geti la ndende panalibe wapolisi wogwada. Panali ine ndi amayi anga basi."

Ndinauwerenga kangapo. Ndinanyamuka kukamwa madzi, n'kubwera kudzauwerenganso. Mu lipoti sindinaulembe. Akuti mlandu suola, koma sindinkaganiza kuti ungandipeze pa desiki yanga, pakati pa anthu okangana za ndevu.

Malamulo a pa ntchito salola kuimbira owonera pa nkhani zathu. Ndinakhala ndi nambala yake masiku awiri, ndipo Lachisanu pa nthawi ya chakudya ndinatuluka kukaima pamalo odikirira basi n'kumuimbira pa foni yanga. Ndi mayi wamkulu kuposa achemwali, amaphunzitsa ana aang'ono, ndipo amalankhula mosathamanga. Poyamba ankaganiza kuti kampani ikufuna kumuopseza.

Anandiuza kuti bambo ake atamangidwa, makina osokera anagulitsidwa, ndipo kusukulu ankamutcha mwana wa mbava. Diresi lija analivala zaka zitatu. Litafupika, amayi ake anakana kumasula mpendero kuti litalike, chifukwa unali ulusi womaliza umene amuna awo anasoka. Anati amayi akewo anamwalira, koma bambo ake ali moyo, akukhala naye. Maso anawafooka, moti kanema amaonera atakhala pafupi kwenikweni ngati akuotha moto.

Gawo lija anaonera onse pamodzi osadziwa chimene chikubwera. Anati bambo ake anaonera mpaka linatha. Kenaka ananena kuti mnyamata wochita ngati telalayo akuponda makina ngati munthu amene sanasokepo ngakhale thumba. Pambuyo pake anafunsa ngati wapolisi weniweni uja akadali moyo.

Pamenepo ndinamuuza mphunzitsiyo kuti ndine mwana wa wapolisi ameneyo. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo zikanandipepukira. Anangoti ankadabwa kuti munthu wachilendo wadziwa bwanji za diresi. Anandifunsa ngati ndinamaliza sukulu. Ndinati inde. Anati zili bwino.

Ndinamufunsa chimene akufuna. Anati za khoti alibe nazo ntchito, ndipo sakufuna kuti munthu wokalamba abwere kudzagwada chifukwa choti zaoneka pa kanema. Koma bambo ake ali ndi funso limodzi, ndipo ananditchulira momwe iwo analinenera:

"Pamene ankandidikira kuti ndimalize kusoka, ankadziwa kale kuti sindinabe?"

Anafotokoza kuti pa mlandu wonse uja, kuyambira pa siteshoni, kukhoti mpaka kundende, chinthu chokhacho chaumunthu chimene bambo ake anachitiridwa chinali kudikira kuja. Akhala akukukumbukira zaka zonsezi, ndipo ankauzako anzawo m'ndende kuti pakati pa apolisi palinso anthu. Tsopano, ataona sewerolo, sakudziwanso ngati munthuyo anadikira chifukwa cha chifundo kapena chifukwa cha manyazi. Akuti yankho lililonse alilandira, koma asafe akungoganizira.

Ndinabwerera m'mawu anu onse a tsiku lija, ndipo ndinapeza kuti mbali imeneyo simunandiuze. Mwina inunso simudziwa. Lolemba ndinafunsa Pensulo chifukwa chake analemba kuti wapolisiyo sankadziwa. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti munthu wodziwa sakanapeza nyenyezi zinayi ndi theka. Sananene mwankhanza, ndi ntchito yake. Koma ndinaona kuti anthu zikwizikwi akhululukira bambo pa nkhani imene tinawakonzera kuti akhululuke mosavuta, pomwe mwini wake wa nkhaniyo sitinamufunse n'komwe.

Tsopano abwana akufuna wapolisi ameneyu abwerenso m'magawo a chaka chamawa, poti owonera akumufuna. Pensulo wandifunsa kawiri kuti woyandikana nafe uja zinamuthera bwanji. Ndamuuza kuti nkhaniyo ili ndi eni ake ndipo ine ndafika pamapeto. Wakwiya pang'ono, masiku ano akudyera mu ofesi mwake. Uthenga wa nyenyezi imodzi uja ndinauika mu lipoti la sabata ino. Abwana anauwerenga, anati owonera ena amapeka zinthu kuti atchuke, ndipo anapitirira tsamba lina.

Ine sindikuweruza bambo. Ndi bambo omwewa amene anandibereka kumsana usana wonse kupita nane kuchipatala nditathyoka mwendo, maondo omwewo. Sindikudziwa chimene ndikanachita ndikanakhala ine, ndili ndi ana anayi m'nyumba ya boma, bwana ataika pepala patsogolo panga. Ine ndinagulitsa chinsinsi chanu popanda wondiopseza aliyense, pa masitepe, ndili ndi chakudya m'manja. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ndipo ndikudziwa kuti zimene ndadyazi zipota inu. Ndikhululukireni.

Pempho langa ndi limodzi. Mupeze tsiku limene pakhomo palibe adzukulu, muwawerengere bambo kalatayi yonse, osadumpha za kulakwa kwanga, ndipo muwafunse funso la telala. Inu ndi amene mukudziwa kawafikidwe. Ngati angafune kuyankha okha, nambala ndili nayo. Ngati angafune kulemba, ndikapereka ndi manja anga osatsekula. Ngati angakuuzeni inu, mundiuze mawu awo enieni, ngakhale akhale owawa, musawasalaze. Zosalaza tachita kale kuno.

Mphunzitsi uja ndinamulonjeza kuti ndimuimbira mwezi uno ukatha. Bambo akasankha kukhala chete, ndidzamuuza kuti afunsidwa ndipo akhala chete. Sindidzawonjezerapo kanthu.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, muwauze kuti nsapato za mwana wawo wamkulu ndinazipeza, zibwera ndi munthu. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa khanda limene sindinalione. Moni kwa azakhali, koma za kalatayi asamve, paja khutu lawo lili ndi pakamwa. Adzukulu onse muwauze kuti azikuthandizani ndowa.

Moni wa bambo muusunge kaye. Mukatha kuwawerengera zonsezi muwayang'ane nkhope, ndipo ngati angaulandire, muwapatse.

Tsalani bwino, Amayi.

Ine mwana wanu wotsiriza,
uja mumati Kamlomo