Sutikesi yanga yobiriwira

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu? Kuno ku South Bend, ku Amereka, tili bwino, kungoti bondo langa likuvutabe ndi kuzizira.

Loweruka ndinapita ku Indianapolis kukaonera sewero limene mwana wanu Yamikani, amene ndikumulera kunoyu, amachita kukoleji. Ndi sewero lakalekale la kuno, la mnyamata wotopa ndi mayi ake olongolola, ndipo mnyamatayo anali Yamikani. M'seweromo, pakhomo panali sutikesi imene mnyamatayo anainyamula kumapeto n'kuchoka osacheuka. Achemwali, inali sutikesi yanga yobiriwira ija ndinabwera nayo kuno! Anaibwereka osanena ntchito yake. Komanso mtsikana wachizungu amene anali mayi uja anatsonya ndendende ngati ine. Anamuphunzitsa ndani?

Titatuluka ndinamufunsa Yamikani. Anandiyankha m'Chingerezi kuti sutikesiyo imangoimira mtima wofuna kuchoka, ndipo wolemba seweroli ankanena mayi ake omubereka, osati ine. Ndinangoti chabwino. Koma ine ndinakulira pamtondo, ndimadziwa kuti woimba nyimbo posinja amakhala ndi amene akumunena.

Yamikani amakuuzani inu zakukhosi pafoni. Mufunseni mwanzeru ngati pali kumene akufuna kupita akamaliza sukulu, koma musanene kuti ndakutumani. Ngati ndimalongolola, andiuze pamaso, osati pagulu la azungu.

Mulungu akusungeni nonse. Muzitipempherera, poti sewero linatha, koma sutikesi ija sanabwezebe.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati