Zoyera za M'kapu ya a Stafford

Lolemba, 10 Juni 2019

Alamu anga a Dyna, mlongo wawo wa amuna anga a Stafford, akwanitsa sabata ziwiri pakhomo pano. Pobwera anati masiku atatu. Komwe kumakhala tsache sakudziwa, koma maso ndiye ali nawo. M'mawa uno atenga kapu ya a Stafford, aipendeketsa, aona tizidutswa toyera pansi. "Alamu, n'chiyani ichi mukuwamwetsa achimwene?" Ndati ndi za m'ketulo. Angokweza mapewa n'kutuluka. Ati munthu wa Fomu 4 ameneyo.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndawamva kuseri kwa bafa akuimbira foni apongozi ku Kanduku. Akuti ndikuthira kondaine mu tiyi. Umboni wake, achimwene masiku ano akuchapa okha masokosi, ndipo anawaona akutsuka mbale. Basi mwamuna akagwira mbale ndiye kuti wadyetsedwa. Kondaineyo ndikanakhala naye, bwenzi nditayamba kuthirira iwowo kuti akonde kwawo.

Madzi a pamjigo kuno ku Thambani ndi amchere, ndani sadziwa? Sopo sachita thovu. Ketulo iliyonse imachita nkhoko zoyera mkati, zolimba ngati simenti, ndipo zina zimakanganuka n'kugwera m'kapu.

Lachinayi, 13 Juni

A Stafford sanamwe tiyi. Dzulonso sanamwe. Ati m'mimba. Munthu wophunzitsa ana sayansi, zaka zisanu ndi chimodzi akumwa tiyi wanga, lero m'mimba. Za a Dyna ndimaseka, koma izi zandipweteka, ndisaname.

Lachisanu, 14 Juni

Ndapita kwa mayi Natércia, ogulitsa tiyi pamsika aja. Maketulo awo mkati mbee, opanda nkhoko n'imodzi yomwe. Nditawauza kuti ndakhala ndikupala ndi supuni anandiseka. "Mana, mchemwali wanga, mufuna kuiboola? Mandimu anayi basi." Akuti finyirani m'ketulo, madzi theka, wiritsani, muisiye ola limodzi, kenako mutsukuluze kawiri. Mandimu akasowa, viniga. Ndipo madzi asamagone m'ketulo, muzikhuthula n'kuisiya yovundukula kuti iume. Kamodzi pamwezi, nkhani yatha. Mandimu omwewa akungowola pansi pa mitengo Mwanza yonseyi, ine ndikuthyola masupuni.

Ndachita. Nkhoko zija zasungunuka, zina zachoka zibenthuzibenthu. A Dyna ataima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno: "Mwayamba kufafaniza umboni?" Lero ndimu wasanduka mankhwala.

Loweruka, 15 Juni

Tiyi wopanda kachitsotso n'kamodzi komwe. M'mimba mwa bambo simunapole.

Lamulungu, 16 Juni

Titaweruka kutchalitchi ndapeza apongozi afika pa kabaza, limodzi ndi a Petro, ankhoswe athu. Anthu akuluakulu kutsika mapiri onsewo kudzaweruza ketulo.

Sindinalankhule zambiri. Ndinapita kwa amayi busa kukabwereka ketulo yawo, n'kudzaivundukula pakati pa mkeka. Mkati mwake nkhoko kuposa mwa yanga. Ndinafunsa mwaulemu, nditagwada, ngati abusanso adyetsedwa. Kenako ndinafinyiramo ndimu, tithovu n'kuyamba kutuluka onse akuona. A Petro anaseka mpaka kutsokomola, ati yawonso ili chimodzimodzi, ankayesa ndi ukalamba wa ketulo. Apongozi anangoti maso pansi, akuseweretsa nsonga ya chitenje. A Dyna ati, "Ine ndimangofunsa."

Ndiye a Stafford n'kukonza pakhosi, ati iwo ankadziwa kale, ndi laimu wa m'madzi, amaphunzitsa zimenezi. Ankadziwa. Nanga bwanji osauza mlongo wawo tsiku loyamba lomwelo? Ndinawayang'ana, iwo n'kuyang'ana nkhuku.

Lolemba, 17 Juni

A Dyna akwera pikapu ya m'mawa, osatsanzika n'komwe. Ayende bwino.

Ndawiritsa tiyi, makapu awiri, tatsala awiriwiri pakhonde. A Stafford alandira kapu ndi manja awiri, athokoza, auzira. Ayamba nkhani ya kuzizira kwa chaka chino. Auziranso. Ayamba ya mayeso a ana. Kapu ili m'manja, pakamwa siikufika, ndipo maso awo ali pa kapu yanga. Pamenepo m'pamene ndazindikira kuti akudikira ndiyambe kumwa ine.

Ndaika kapu yanga pansi. Takhala choncho, tiyi akuzizira, mpaka belu la kusukulu lalira.