Alamu Anabwereketsa Ngolo Yathu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Chifuwa cha amayi chija chinaleka? Ine kuno ndili bwino, kudya ndikudya.

Amuna anu akubwera Loweruka pa basi ya m'mawa. Mukawachingamire ndi anthu awiri amphamvu, chifukwa anavulala msana, sangathe kutsika okha. Musayambe kulira, imvani kaye mmene zinayendera.

Kosungira simenti kumene ndinawapezera ntchito kuli magulu asanu ndi limodzi onyamula matumba. Ngolo zokankhira matumba zilipo zambiri, koma ya mateyala abwino ndi imodzi, ndipo gulu lathu limaibisa kuseri kwa matabwa tikamaweruka. Tatero zaka zitatu. Ndinawauza alamu tsiku loyamba lomwe kuti za gulu zimathera m'gulu.

Mwezi watha abwana anatisonkhanitsa n'kunena kuti kampani ndi banja limodzi, zipangizo ndi za aliyense. Tonse tinaomba m'manja monga mwa nthawi zonse. Alamu okha ndi amene anakhulupirira. Poweruka anatulutsa ngolo ija n'kupatsa gulu la masana, ati kuli mdala wina wovutika ndi bondo. Chifundo chinapha nkhwali, achemwali.

Sitinawamenye, sitinawatukwane. Ndevu, mkulu wa gulu lathu, anangoti munthu wa banja lalikulu azinyamula ndi abale akewo. Kuchokera pamenepo palibe anawagwirirako thumba pokweza mu lole. Masiku asanu ndi atatu anakweza okha, thukuta kamukamu, akumwetulirabe ngati tiwamvera chisoni. Tsiku lotsatira anagwa ndi thumba pathabwa lokwerera. Anandiitana katatu. Ndinali pafupi ndithu, koma Ndevu amandiyang'ana, ndiye ndinawerama n'kumamanga nsapato. A banja lalikulu aja sanabwere ndi mmodzi yemwe, ngakhale mdala wa bondoyo.

Mudzati ndine woipa mtima. Nenani. Ine ndinawachenjeza, ndipo mawa ndidzafuna wondigwirira thumba.

Pempho langa ndi limodzi. A ku ofesi adzaimba foni kufunsa za ngoziyi. Muwanyengerere alamu anene kuti anaterereka okha, asatchule gulu. Akatitchula tichotsedwa tonse, ndipo inu mudzakhala mukudyetsa amuna awiri pakhomo, wina wogona, wina wongokhala.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume ndi ana onse. Alamu muwauze asadandaule za ngolo ija. Tinaitenganso, ndipo pano tikuibisa pena.

Ine mlongo wanu,
Mzime