Sitima ya Apongozi

Lolemba, 3 Malichi

Tebulo lodyera lapita. Pamwamba pake ponseponse zithunzi za sitima zapamadzi zonyamula mafuta, zakalekale, za nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tadyera pamiyendo ngati tili pa depoti. Chipumireni pa ntchito ya ku positi ofesi, amuna anga nkhani ndi imodzi: sitima imene inamira ndi bambo awo, iwo ali khanda. Ndawapatsa dzina, a Kaputeni. Munthu woti madzi akangofika m'maondo amayamba kuitana Mulungu.

Lachinayi, 6 Malichi

Kasitomala wabwera kudzayesa diresi. A Kaputeni amupanikiza pakhonde, kumufotokozera kusiyana kwa sitima ya mafuta ndi ya katundu. Mwana wa eni ake ali chiimire, mapini m'chiuno, akungoti, "Eya, bambo." Ndachita kuwathamangitsa ndi tepi yoyezera.

Koma dzina la sitimayo alipeza, awathandiza mayi wa ku laibulale. Apongozi ankasonkhezera moto m'chipinda cha injini, pansi penipeni. Dzinalo a Kaputeni akhala akulitchula ngakhale potafuna, mpaka kutsamwa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Akuti belu la sitimayo lili ku nyumba yosungirako zinthu zakale, kudoko. Tipita Loweruka. Ndafunsa kuti belu la sitima yomira linatulukamo bwanji m'madzi. Akuti, "Inu sokani zovala, za m'nyanja mundisiyire ine." Chabwino, bwana.

Andipatsa jekete kuti ndisinthe mabatani. Akufuna onyezimira ngati golide. Ndakana.

Loweruka, 15 Malichi

Basi yodzadza, msana wanga. Iwo suti ndi tayi ngati akukafunsira mbeta.

Belu lilipodi. Lobiriwira, laling'ono kuposa mmene ndinkaganizira. A Kaputeni anavula chipewa. Woonetsa alendo, mayi wansangala, anati, "Sitima iyi inali ya mwayi. Mabomba ankangoiphonya. Nkhondo yonse sinataye munthu ndi mmodzi yemwe. Anaiphwasula itakalamba, n'kugulitsa zitsulo."

A Kaputeni anafunsanso dzina la sitimayo. Lomwelo. Anavala chipewa, anachivulanso.

Pobwerera ndinawagwira dzanja m'basi, anthu akuona. Sanalichotse.

Lamulungu, 16 Malichi

Achotsa okha zonse patebulo, alipukuta. Tadyera pomwepo, masipuni okha kulira. Sindinkadziwa kuti tebulo lathu ndi lalikulu chonchi.

Ngati bambo awo sanamire, anapita kuti? Munthu wamera imvi akulira bambo amene mwina ankangodya bwino kwina. Ndakwiyira apongozi oti sindinawaonepo.

Lolemba, 24 Malichi

Lero tapita kwa alamu anga, achemwali awo aakulu, amene anali atayamba kale sukulu pamene bambo ankachoka. Ndimaopa kuti nkhaniyi iwaimitsa mtima. Iwo amvetsera akusenda lalanje. Kenako akuti, "Amayi anandiuza nditatsala pang'ono kukwatiwa. Anati kusukulu mwana wa munthu womira azimumvera chisoni, wa munthu wothawa azimuseka. Iwe unali wosachedwa kulira, ndiye tinakusiyira womirayo."

A Kaputeni akuti, "Ndiye mumangondionerera ndikututa mabuku onse aja?" Alamu akuti, "Bola unasiya kuvuta mkazi wako." Bodza lenileni.

Aseka koyamba chichokereni kudoko. Kenako misozi, onse awiri. Ine ndinathawira kukhitchini kukatsuka makapu oyera kale.

Loweruka, 29 Malichi

Aimbira foni mayi wa belu uja. Akuti kuli bungwe la ana ndi adzukulu a amalinyero akale, akawafunsira kumeneko. Ndawafunsa kuti kwenikweni akufuna chiyani. Akuti, "Manda basi. Ndikaime pomwepo, ndiwafunse." Ndati akafunse mwaulemu, ndi akuluakulu.

Akudya pang'ono. Thalauza layamba kukhwepa. Ndabweza m'chiuno osawauza.

Lachitatu, 2 Epulo

Mayi wa belu wayankha m'mawa. Wapezeka wina, namwino wopuma pa ntchito. Bambo ake dzina lomwelo, ntchito yomweyo, sitima yomweyo. Bambowo anamwalira ali nkhalamba. Namwinoyo akuti anakula akumva kuti bambo ake analibe m'bale aliyense. Namwinoyo atiimbira lero masana.

A Kaputeni ameta ndevu, avala tayi. Tayi yoyankhira foni! Akungondizungulira pamakina, kufunsa ngati azimutchula kuti mayi kapena mlongo. Ndati ayambe ndi moni. Nanenso ulusi ukukana kulowa pa singano.

Foni ikulira. Akungoiyang'ana, manja ali kumbuyo. Akuti ndiyambe ine, ndiye ndikusiya cholembera, ndikaiyankhe.