Zikhadabo za a Osvaldo

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Perth tilipo, kungoti dzuwa likufuna kutiwotcha amoyo. Chiikireni maliro anu zachitika zambiri. Mlamu wanga, mkazi wa Yamikani, anachira mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Akuti akalira amamveka mpaka kudimba, ndiye dzinalo silinasochere. Maungu amene ndinabzala kuseri kwa nyumba ku Armadale akana, dothi la kuno ndi mchenga wokhawokha. Bambo a Tadala akadali ku migodi, masabata awiri uko, imodzi kuno.

Koma chimene ndalembera ndi mlandu, ndipo theka lake ndi lanu.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli bambo ena a ku Brazil, a Osvaldo. Anabwera ndi akazi awo, a Lucia, amene matenda oiwala anawalanda zonse. Amuna awo akalowa m'chipinda ankawayang'ana ngati munthu wodzawerenga mita ya madzi. Koma tsiku lililonse ikakwana 3 koloko masana, a Osvaldo ankatenga gitala n'kuwaimbira nyimbo imodzi yakwawo, ya mtundu umene amati choro. Mulibe mawu, ndi gitala basi, koma mungaganize kuti akuimba anthu awiri: chala chachikulu chikuyenda pansi modekha, zitatu zinazo zikuthamangitsana pamwamba. Nyimboyo ikafika pakati a Lucia ankatembenuka n'kuwatchula dzina. Kwa mphindi zochepazo ankadziwa kuti awa ndi amuna awo.

Zonsezi ine sindinkazidziwa, ndinali nditangosamutsidwira mbali imeneyo. M'mawa wina ndinapeza a Osvaldo akuwodzera pampando atamwa mankhwala. Kuyang'ana manja, lamanzere zikhadabo zowenga bwinobwino, lamanja zazitali ngati za nkhuku. Ndinati pali waulesi wina wasiyira ntchito pakati. Ndipo ndinakumvani, Amayi, m'khutu mwenimwenimu: “Wayamba, maliza. Akumalizire ndani?” Ndinawenga zonse osafunsa, mpaka kudziyamikira mumtima.

Atadzuka sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali, kenako anati, “Mwana wanga, ndimaimbira zimenezi.” Kani oimba nyimbo zoterezi amakola nsambo ndi zikhadabo za kumanja, ndiye mawu amatuluka omveka bwino. Masanawo anayesa ndi nsonga za zala. Nyimbo inatuluka yofooka ngati wailesi yotha mabatire, ndipo a Lucia anangoyang'ana pawindo. Mawa lake chimodzimodzi. Nesi wamkulu anandiuza kuti zikhadabo za munthu wokalamba zimachedwa kukula, mwina miyezi. Tonse tinkaona kuti mayiwo ayamba kukana chakudya, miyeziyo analibe. Ndinalira m'sitima ulendo wonse wobwerera kunyumba, sindikubisirani.

Ndinavomera kulakwa, ndinalemba lipoti, ndinapepesa kwa iwo ndi kwa mwana wawo. Koma kupepesa sikumeretsa chikhadabo. Ndipamene ndinakumbukira Zione, mwana wa a Nambewe uja munkamunena kuti, “Ameneyu ndi zopentapenta zakezi adzadya chiyani?” Akudya, Amayi. Ali konkuno ku Perth, ku Balga, amamata anthu zikhadabo m'saluni. Nesi atalola, a Osvaldo atavomera, ndipo ulendo uno ndinafunsa katatu, Zione anabwera ndi kachikwama kake patatha masiku asanu ndi limodzi chiwengereni zikhadabo zija.

Mukanaona! Bambo wa imvi mbuu atatambasula dzanja ngati mkwatibwi, Zione akumata n'kumafunsa, “Agogo, tipente yofiira kapena pinki?” Anaseka mpaka kutsokomola. Anamata zinayi zokha. Kenako a Osvaldo anamulanda chopalira n'kuyamba kudzipalira okha. Kupala pang'ono, kuyesa pa nsambo, kupukusa mutu, kupalanso. Ola lathunthu linatha Zione akungoonerera ntchito yake ikukonzedwa ndi kasitomala.

Itakwana 3 koloko ndinaima pakhomo. Anayamba. Nyimbo inafika pakati, inapitirira, inatha, a Lucia ali chiyang'anire pawindo. Ine ndinataya mtima. A Osvaldo anangopuma kamodzi n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiriwu mutu uja unatembenuka pang'onopang'ono, ndipo mayiwo analankhula mawu ochepa m'Chipwitikizi, mokalipa ndithu. Bambowo sanasiye kuimba, misozi ikudonthera pa gitala. Atamaliza ndinawafunsa zimene mayiwo ananena. Akuti anati, “Osvaldo, unali kuti masiku onsewa?”

A Lucia anatisiya patatha masabata atatu. Masiku ambiri mwa amenewo ankawadziwa amuna awo, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Koma masiku asanu ndi limodzi aja ndinawabera ndine, ndipo sindingawabweze.

Ndiye ndikutumeni, Amayi. Mukakumana nawo kumeneko, ndi mayi aafupi, oyera, okonda kukalipa ngati inu nomwe, mudzagwirizana. Muwauze kuti amuna awo sanapite kulikonse, tsiku lililonse ankakhala pambali pawo ndi gitala. Amene anawachedwetsa ndi mwana wanu.

A Osvaldo akuimbabe 3 koloko, moyang'ana mpando wopanda munthu. Ndikukulonjezani kuti tsiku lililonse limene ndili pa ntchito, pampandopo pazikhala ine.

Ndakusowani kwambiri, ndipo ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Chisomo