Nkhope Yanu Ili M'mafoni a Anthu

Amayi, kodi kumeneko akukusungani bwanji? Ndine Asiyatu, mwana wanu wachiwiri. Kuno tilipo, tikudzuka. Ndiyambe ndi zokoma, chifukwa zinazo ndikaziyamba sindisiya msanga.

Mng'ono wanga Zainabu adachira bwino, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ukali ndi wanunso: akangochedwa kumuyamwitsa, Area 2 yonse imadziwa. Kumudzi chimanga chachita mwa apo ndi apo poti feteleza adafika mochedwa, koma mtedza wokha wabereka. Sadaka yanu ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chitisiyireni, idayenda bwino ndipo mpunga udakwanira, ngakhale azakhali adadandaula kuti nyama inali mafupa okhaokha, chonsecho mbale yawo adaibweza yoyera. Mpanda wakuseri udagwa ndi mvula. Bambo a Idrisa akuti aukonza mawa, koma mkamwini wanuyu mukumudziwa, mawa lake silifika.

Tsopano nkhani imene yandikhazika pansi. Amayi, nkhope yanu ili m'mafoni a anthu. Sindikunena chithunzi cha pa ukwati wa Zainabu chija mudavala mpango wobiriwira ayi. Ndikunena nkhope yanu ya tsiku lija, titakusambitsani, muli pamphasa, nsalu ya sanda tisanaitseke.

Inu amene mudasambitsa maliro a amayi a mu Old Town muno moyo wanu wonse! Ndikukumbukira mmene munkatulutsira anthu m'chipinda, ngakhale mwana weniweni wa malemuyo akakhala wa maso oyendayenda. Munkasambitsa dzanja lili pansi pa nsalu, osavundukula. Mukatuluka, anthu n'kumakunong'onezani kuti thupi linali bwanji, munkangoti, "Ndaiwala." Ine pondiphunzitsa munkati, "Asiyatu, gwira nsalu bwino. Munthuyu sangathenso kudzifunditsa yekha." Ndiye lero inuyo mukhale poyera, makondakitala akukuonerani pa depoti uku akutafuna chimanga chowotcha?

Zidayenda chonchi. Ife Asilamu sitigoneka maliro; mudatisiya m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke munali mutaikidwa kale. Achimwene a Yusufu ku Joni sakadatha kufika. Mkazi wawo Chisomo, monga mukudziwa, adakulira m'tchalitchi, kumene anthu amafola kuona nkhope bokosi lili chotsekula. Kwa iye, mwana kusaona nkhope ya mayi wake komaliza ndi nkhanza. Choncho pamene tidalowetsa amayi a pabanja kuti atsanzikane nanu, iye adasolola foni mwakachetechete n'kujambula, kuti amuna ake akuoneni. Achimwene, misozi ili m'maso, adatumiza kwa amalume ku Mangochi. Amalume adachiponya pa gulu la achibale la pafoni, ndipo kuchokera pamenepo chithunzi chidamera miyendo. Chisomo ndidamukalipira mpaka mawu adandithera. Adalira, adapepesa, adafufuta, koma kunali ngati kukolopa pakhonde mvula ikugwa.

Pa intaneti panali tsamba lina limene anthu a m'tauni muno ankalikonda. Inu simunkazitsata zimenezi, koma ndi pamene tinkadziwira sitolo imene kwafika shuga, mwana amene wasowa, maliro a uje, ndi bwana amene walanda puloti ya mkazi wamasiye. Mwini wake sankadziwika, poopa mabwana omwewo. Tsiku lina mphunzitsi mnzanga kusukulu adandikokera pambali n'kundionetsa foni yake. Munali inu, pamwamba atalemba kuti, "Mayi wa tonse wa ku Area 2 watisiya, ause mumtendere." Pansi pake anthu anali ataunjika timitima ndi tinkhope tolira. Wina adafunsa kuti munkadwala chiyani, wina n'kuyankha matenda amene simudadwalepo. Wina adatsatsapo nsapato zake za kaunjika. Pansi pa nkhope yanu, Amayi! Nsapato! Ndidalembapo mawu aukali kuti achotse, koma adangomira m'kati mwa timitima tija.

M'mawa mwake ndidakwera minibasi ya ku City Centre, ku ofesi ya kampani ya mafoni. Nditafola mpaka miyendo kutupa, ndidafika kwa mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto. Adandimvetsera maso ali pa kompyuta, kenako adati, "Pepani mayi, ife timangogulitsa mabandulo. Zimene anthu amatumizirana sizitikhudza, eni ake a zimenezo ali kunja." Ndidamuuza kuti bandulo yanga ikatha amadziwa nthawi yomweyo, uthenga amanditumizira ngakhale ndili pa swala ndikupemphera, ndiye mayi wanga yekha ndiye sakumuona? Adamwetulira kumwetulira kwa ku ofesi kuja n'kuitana wotsatira.

Kunyumba tidakangana ndi bambo a Idrisa mpaka tiyi kuzizira. Poti amakhalira kukonza mafoni ku Area 1, amadzitenga ngati intaneti adaibala ndi iwo. Adayamba kundifotokozera kuti chinthuchi adachiyambitsa ndi asilikali ndi anthu a m'mayunivesite ku Amereka, ndipo adachikonza dala kuti njira imodzi ikaduka, uthenga uzipeza ina. "Ndiye iwe ukufuna kutseka chinthu chimene adachipangira kuti chisatsekeke?" adandifunsa. Ine ndidati boma limayeza masikelo a ogulitsa nyama, limatseka malesitilanti auve, ndiye lilekerenji kugwira makampaniwa pakhosi kuti azichotsa zonyansa? Iwo adati, "Amake Idrisa, kiyi ameneyo ukampatsa munthu, lero atsekera amayi ako, mawa atseka iweyo ukadandaula za malipiro a aphunzitsi." Ndidawayankha kuti akulankhula choncho chifukwa mayi ali pamphasayo si wawo. Adadzuka n'kupita kuntchito, ndipo ine ndidayesa kuti ndapambana.

Ndiye ndidakumbukira a Saidi, amuna a msuweni wanga Hawa, a ku Area 43 aja. Pamaliro anu sadabwere, adangotuma dalaivala ndi thumba la mpunga. Koma aliyense amadziwa kuti akaimba foni, zitseko za m'maofesi zimatseguka zokha, ndipo kwa nthawi yaitali akhala akunena kuti boma lizimanga makampani a intaneti ndi chingwe chachifupi. Ndidatsika minibasi pamsewu waukulu n'kuyenda wapansi limodzi ndi alonda ndi osamalira maluwa, magalimoto a eni nyumba akutithira fumbi. Hawa adandikhazika pa sofa yoti munthu umamira mpaka mawondo kufika pachibwano.

A Saidi adandimvetsera bwino, adapukusa mutu, adatchulanso dzina la Mulungu. Kenako adafunsa, "Mlamu, ndi tsamba liti limenelo?" Nditalitchula, adaika kapu pansi n'kukhala tsonga. Amayi, ndidaona kumwetulira kwawo, ndidakuona ndi maso angawa, koma mkwiyo udandiuza kuti ndiyang'ane kumbali. Adati, "Musavutikenso, mlamu. Inu mukangopereka dandaulo kupolisi, zotsalazo mundisiyire." Ndidapita kupolisi masana omwewo. Sindinkadziwa kuti bwana wolanda puloti ya mkazi wamasiye uja, amene tsambalo linkamunena osatchula dzina, anali iwowo.

Mukadaona liwiro lake! Kampani ija yongogulitsa mabandulo, yosaona, yosamva, idapeza nambala ndi dzina la mwini tsamba sabata isanathe. Apolisi, amene atatibera njinga adati galimoto ilibe mafuta, adafika pa galimoto yodzaza bwino. Ndipo adaima pa saluni ya Esnart.

Esnart yemwe uja, Amayi. Uja adachotsedwa ntchito ya m'nyumba ali ndi pakati, inu n'kumupatsa khonde lathu kuti ayambirepo kuluka anthu tsitsi. Uja ankakutumizirani mandasi pa Khirisimasi, inu n'kumamutumizira pilawu pa Idi. Tsambalo linali lake. Zonse zimene amayi ankamuuza mitu ili m'manja mwake, za shuga, za maliro, za mapuloti, ankazilemba pamenepo. Adamutenga tsitsi la munthu lili theka, ana ake atatu akubwera kumene kuchokera kusukulu. Ndipo mlandu umene adamuwerengera, dzina lanu mulibe. Akuti adanyoza munthu wolemekezeka ndi kufalitsa zabodza.

Tsambalo adalitsekadi. Koma mukuganiza kuti nkhope yanu idachoka? Tsiku lomwelo masamba ena adachitola chithunzi chija, pamwamba n'kulemba kuti, "Onani chithunzi chimene chamangitsa mayi wa ana atatu." Poyamba ankakuonani achibale ndi a mu Old Town okha, anthu oti ankakudziwani. Tsopano akukuonani a ku Mzuzu, a ku Nsanje, a ku Joni, anthu oti dzina lanu sadalimvepo. Bambo a Idrisa sadanene kuti ndidakuuza. Akadanena bwenzi zili bwino, ndikadapeza wokangana naye.

Chimene chidandiwawa kwambiri ndi cha pa wailesi. Ndikuphika, ndidamva mawu a a Saidi pa pologalamu yokambirana za malamulo a intaneti. Ankalankhula modekha, ngati shehe, kuti dziko lafika poipa, ngakhale maliro a mayi wachisilamu, wachibale wawo weniweni, sakulemekezedwa, choncho boma lipatsidwe mphamvu zambiri zotsekera masamba. Amene ankatsutsana nawo adakutchulaninso, akuti nkhani yanu ikusonyeza kuti ufulu wolankhula uli pangozi. Aliyense akukukokerani mbali yake ngati nsalu ya pa kaunjika, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adati, tiyeni timufunditse mayiyu. Ndidazimitsa wailesi n'kukalavula panja.

Ndidabwerera kupolisi kukanena kuti dandaulo langa ndalichotsa. Wapolisi wa pa kauntala adandiyang'ana ngati ndamufunsa njira ya kumwezi. Adati, "Mayi, inu mbali yanu idatha. Mlanduwu tsopano ndi wa boma." Ndidaimbira a Saidi, foni idangolira. Hawa adandiyankha ndi uthenga kuti bambo atanganidwa, ndipo ndiyenera kuthokoza chifukwa andithandiza.

Choncho ndidaphika mpunga ndi nyemba, ndidaika m'kontena n'kupita kukamuona Esnart. Adamutulutsa wopanda nsapato, maso atatupa, kumutu kosapesa, iye amene akazi a Area 2 yonse amawala chifukwa cha manja ake. Atandiona adagwada n'kuyamba kulira. "Anti, pepani. Ine ndimati ndikuwalemekeza. Kwathu timaona nkhope, ndiye nditachilandira chithunzi chija ndidati anthu onse amene adawathandiza awaone komaliza. Amayi aja adandisunga ine. Wina akadangondiuza kuti kwanu sizitero, ndikadafufuta nthawi yomweyo." Amayi, munthu ali m'chitolokosi chifukwa cha ine, n'kumandipepesa ine.

Adadya pang'ono n'kundithokoza, akuti pa anthu onse amene adawaluka tsitsi ndine woyamba kubwera. Kenako adatsitsa mawu. "Anti, inu mumamva zambiri. Kodi amene wandinenera ndi ndani?"

Ndikadatha kunena kuti ndi a Saidi, ndipo silikadakhala bodza lenileni. Koma ndidamuuza kuti ndi ine. Ndidamuuza za ku City Centre, za sofa ya ku Area 43, za kumwetulira kuja, zonse. Adasiya kutafuna. Kenako adavundikira kontena ija bwinobwino n'kuikankhira kwa ine. Sadanditukwane. Adangoti, "Ichi mukapatse ana anga. Kuyambira dzulo sindikudziwa ngati adya."

Anawo ali kuno tsopano, Amayi. Akugona m'chipinda chanu, pa bedi lanu, poti ndi pokhapo pamene panali malo. Wamng'onoyo amandifunsa m'mawa uliwonse kuti amayi ake abwera liti, ndipo ine ndimamuuza kuti amalize phala.

Nkhope yanu ndalephera kuichotsa m'mafoni a anthu, ndipo ndaleka kudzinamiza kuti ndidzatha. Mundikhululukire. Chimene ndingakulonjezeni ndi ichi: tsiku la mlandu ndidzakhala kukhoti, ndidzaimirira pamaso pa a Saidi ndi pamaso pa aliyense, ndipo ndidzanena kuti mwana wa malemuyo ndine, kuti pabanja pathu palibe amene akufuna Esnart amangidwe m'dzina lanu. Akandikhazika pansi ndidzaimiriranso. Ndipo kufikira tsiku limene adzatuluke, ana ake adzadya nkhomaliro asanadye anga.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu