Mwezi Umene Wafodya Anasiya Kusuta

Loweruka, 2 Malichi 2019

Msonkhano wa kalabu yathu ya sitima pasiteshoni, m'chipinda chodikirira, 4 koloko. Analipo: mayi Nélida (wapampando), Hilario woyendetsa sitima, Remigio makaniko, abale awiri a kwa Etchart, ndi ine. Anthu asanu ndi mmodzi. Chaka chatha mwezi ngati uno tinali khumi ndi mmodzi.

Nkhani inali imodzi, utsi wa Wafodya. Mutu wa sitima wathu wa dizilowu wakwanitsa zaka 62 ndipo ukusuta kuposa kale. Makolo akudandaula kuti ana akumatsika m'bogi loyamba akutsokomola, malaya ali bii. Remigio akuti zopopera mafuta zonse zatha, wapeza zina kwa mnzake ku Junín.

Anakana Hilario yekha. "Isiyeni nkhalambayi, ikuyenda. Munthu wa zaka zimenezi mukamuletsa fodya mumamuika m'manda sabata yomweyo." Ndinamva bwino chifukwa anakhala kudzanja langa lamanja. Voti yoti akonzedwe: asanu kwa mmodzi. Inenso ndinakweza dzanja. Ndikanati chiyani?

Lachiwiri, 5 Malichi

M'mawa wonse m'chipinda chosokera cha mkazi wanga malemu Ofelia, pa thabwa la tisitima tazidole. Ndimapaka dzimbiri pa kamutu ka Wafodya, m'munsi mwa chitseko, pamene weniweniyo anadyeka. Kakang'ono maulendo 87, koma zonse zilipo, ndi chitsulo chopindika cha pamakwerero chomwe.

1 koloko, mayi Zulema a nyumba yoyandikana pawindo, akumenya galasi ndi sipuni. "A Casimiro, sitima yanuyo yalira chiyambire 9 koloko. Ifika liti komwe ikupitako?"

Batani la hutala linakanirira. Maola anayi kakulira, ine ndili pomwepo ndi burashi m'manja.

Kachipangizo kolizako anatumiza Graciela kuchokera ku Valencia pa Khirisimasi. Pafoni ndinamuuza kuti kamalira ngati weniweni. Mwana wanga anasangalala.

Ndilembe pano, poti palibe wowerenga. Khutu lamanzere linafa mu 2016. Lamanja limamva munthu akakhala pafupi, ndikumuona pakamwa. Hutala wa Wafodya sindinaumve zaka ziwiri tsopano. Kukalabu akadziwa andilanda kiyi wa zosinthira njanji. Lamulo ndi limenelo, ndinalivomera ndekha mu 2011, wosamva asayime panjanji.

Lamulungu, 10 Malichi

Tsiku la sitima, limabwera kamodzi pamwezi. Okwera 84 m'mawa, 61 masana. Makilomita 11 kukafika ku Los Talas, mphindi 38.

Zonse monga mwa nthawi zonse. Tikafika kumapeto ndimasula mutu, ndisinthe njanji, mutu uzungulire mabogi, ndisinthenso, ubwerere ndiumange mbali inayo. Kunyamuka katatu ku Los Talas, katatu kuno. Asanayende Hilario aliza hutala kawiri, ine ndikweza dzanja, kenako ayenda. Popanda dzanja langa sayenda.

Ine ndimayang'ana pachumuni. Wafodya akakonzeka kunyamuka amatsokomola kamodzi, utsi wakuda, wowongoka. Ndikauona ndimakweza dzanja. Anayamba khalidwe limeneli nthawi yomwe makutu anandithawa. Ukalamba wake, mwayi wanga. Lero kanali ka 12 pa 12, osaphonya.

Masana nyama yowotcha kuseri kwa shedi. Chikho cha yerba, tiyi wathu wa kuno, chinazungulira kanayi. Akaseka ndimaseka.

Zaka 27 panjanji ya boma mpaka anatseka mu 1993, zaka 15 pakalabu. Kiyi wa maloko osinthira njanji sunachokepo palamba wanga.

Kunyumba 7 koloko. Mbale imodzi, foloko imodzi.

Loweruka, 23 Malichi

Kukonza. Analipo Remigio, Etchart wamkulu, ine. Hilario sanabwere, akuti msana.

Ndinagwira nyali, ndinatsuka zitsulo m'palafini, ndinayala mabawuti 48 panyuzipepala motsata mmene anachokera. Remigio: "Anthu ngati inu, mdala, akanakhala atatu m'dziko muno sitima zikanayendabe." Anabwerera onse 48.

Ndinagwira ntchito bwino. Ndimadziwa chimene ndikuchita, manja osaleka.

Loweruka, 6 Epulo

Kuyesa. Remigio analiza injini 10:20. Pachumuni mbee. Kampweya kotentha kokha, konjenjemera, kooneka ukayima pafupi kwambiri.

Mayi Nélida anawomba m'manja. Etchart wamng'ono: "Wafodya walapa, tizimutcha m'busa." Hilario anayima pakhomo la shedi manja m'thumba, akundiyang'ana ine osati injini. Ndinayesa ngati ndikumanga nsapato.

Masana ndinapita kukafunsa za tothandiza kumva. Kugula ndekha ndi penshoni ya miyezi itatu. Kudikira za kuchipatala, Novembala, mwina.

Ndinaimbira Graciela. Anali pantchito. Mphindi ziwiri.

Lachisanu, 12 Epulo

Ndinakafika mpaka pageti pa mayi Nélida. Galu wawo anandiona. Ndinabwerera.

Ndikasiya Lamulungu la sitima ndi Loweruka la kushedi, ndatsala ndi ndani? Ndawerenga pakalenda. Mwezi watha ndinalankhula ndi anthu masiku asanu ndi awiri. Asanu mwa amenewo ndi a kukalabu.

Ndiziyang'ana nkhope ya Hilario pawindo. Zitheka.

Lamulungu, 14 Epulo

Okwera 92. Ku Los Talas 11:08.

Kunyamuka koyamba ndi kwachiwiri kunayenda bwino, mutu unali pafupi, ndinaona phewa la Hilario likukoka chingwe cha hutala. Kachitatu mutu unali patali, mamita 60, dzuwa lili kumbuyo kwake. Windo lakuda, osaoneka munthu. Ndinayang'ana pachumuni mwachizolowezi. Palibe. Ndinakweza dzanja kutchinga dzuwa kuti ndione bwino. Palibebe. Ndinati sanakonzeke, ndiyambe ndamasula unyolo wa bogi umene unapotana. Ndinatembenuka, ndinalowa pakati pa njanji.

Dzanja lotchinga dzuwalo iye analiona ngati yankho.

Sindinamve kanthu. Miyala inanjenjemera pansi pa nsapato, mthunzi unandiphimba. Nditacheuka, chitsulo cha kutsogolo chili apa, chitayima. Ndinayeza pambuyo pake ndi tepi, masentimita 40.

Anthu a m'bogi lomaliza anaona zonse. Mayi wina anaphimba mwana wake kumaso. Mayi Nélida anathamanga ndi mbendera m'manja, pakamwa pakuyenda, sindinagwire mawu. Ndinati ndinapunthwa. Ndinamanga mutu, unyolo, paipi ya mabuleki, zonse bwino.

Ulendo wamasana unalephereka. Hilario anati injini yatentha. Remigio anaigwira ndi dzanja, anamuyang'ana Hilario.

Lolemba, 15 Epulo

Sindinatuluke. Buledi wa dzulo.

Lachitatu, 17 Epulo

Hilario, 4 koloko, ndi mabanzi a shuga m'pepala. Aka n'koyamba kulowa muno chimwalirire Ofelia, zaka zinayi pa 3 Juni. Akuti anagogoda mpaka chala chinatupa, anamutsegulira geti mayi Zulema.

Anakhala pampando wosokera, kudzanja langa lamanja, osamuuza. Anayendetsa kamutu kuzungulira thabwa kawiri. Anati dzimbiri ndalipaka lochuluka, ndikumunyoza Wafodya wake. Kenako anakayimitsa.

Zimene ananena ndilembe mmene ndinamvera.

"Iwe chitsiru cha munthu. Unkaganiza kuti injini imatsokomola yokha pa nthawi yake ngati wotchi ya kutchalitchi?"

Ndi iyeyo. Zaka ziwiri zonsezi. Akaliza hutala, ankakweza injini dala, mawilo asanalumikizidwe, kuti utsi utuluke ndiuone. Anadziwa mu Malichi 2017. "Ndinaliza kanayi, iwe uli phee ukuonerera ng'ombe za eni." Sanauze munthu, ndi mkazi wake yemwe. N'chifukwa chake anakana voti ija. Lamulungu anakwezanso injini mpaka kumapeto, akuti mwina katuluka kochepa. Ataona dzanja langa anati ndakaona.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. "Ndikanakuuza ukanakapereka kiyi mawa lake, ndimakudziwa. Ndiye ine ndizimangitsa sitima yanga kwa Etchart? Uja sadziwa n'kumanga komwe thewera."

Akuti pali njira. Aziyatsa nyali yakutsogolo kawiri, palibe adzazindikire.

Ndinamupatsa chikho. Anatayira madzi pa siteshoni yanga ya makatoni. Munthu amene anayendetsa sitima zaka 35. Anati chiyambire Lamulungu akatseka maso akuona msana wanga ukukula pagalasi.

Mabanzi anatsala anayi.

Loweruka, 20 Epulo

Kushedi sindinapite.

Ndinayesa za nyali pathabwa. Ndinazimitsa getsi la m'chipinda, kanyali kamaoneka bwino. Ndinatsegula katani, dzuwa kumbuyo kwa kamutu monga ku Los Talas. Sikaoneka.

Ngakhale kakanaoneka. Ndikaphonyanso kamodzi, ine zanga zatha pomwepo, wotsala nazo ndi Hilario.

Lachinayi, 25 Epulo

Ndinamuuza Graciela. Anakhala chete, kapena analankhula sindinamve. Kenako mokweza: "Ndiye kasitima kaja, bambo?" Ndinati afunse mayi Zulema, iwo amakamva bwino.

Loweruka, 4 Meyi

Msonkhano, 4 koloko. Analipo mayi Nélida, Hilario, Remigio, a Etchart awiri, ine.

Ndinapempha kulankhula nkhani zina zisanayambe. Ndinaimirira. Ndinanena kuti sindimva, kuyambira liti, ndiponso kuti pa 14 Epulo sindinapunthwe. Za utsi sindinatchule. Ndinamasula kiyi palamba, ndinauika patebulo. Mphete yake inavuta, ndinathyola chikhadabo.

Hilario ankayang'ana pawindo nthawi yonseyi.

Mayi Nélida anabwera mbali ya kumanja, ndiye kuti wina anawauza mbali yake. "Bambo Casimiro, thabwa la tisitima la muno lilibe mwini chichokere malemu Fulgencio. Alendo amangoligwiragwira." Ndinati ndamva.

Kiyi anapatsa Etchart wamng'ono, wa zaka 52. Titatuluka ndinapita naye ku chosinthira chachiwiri. Ndinamuonetsa kuti chimakanirira kukazizira, osachikoka ndi mphamvu, uyambe wachibweza pang'ono. Ndinamuuza kuti dzanja likakhala panjanji lisakwere pa chifukwa china chilichonse, kaya ntchentche, kaya dzuwa. Analemba pafoni.

Lamba akupepuka mbali imodzi. Ndimangogwirapo.

Lamulungu, 12 Meyi

Tsiku la sitima. Ndinafika 8 koloko ndi kamutu kanga m'bokosi la nsapato. Njanji za pathabwa la kukalabu zakuda, ndinapukuta mamita 14 ndi kansalu. Thabwa lili pakona, windo lili kumbuyo kwanga.

Anayima kuonera anthu 23. Bambo wina anafunsa ngati zidolezi ndimagulitsa. Mayi wina anandiuza kuti hutala wake ndi wokoma.

Hilario analowa 10:15 atavala kale chipewa. Anawerama pakhutu. "Etchart wamanga unyolo ngati akumanga mbuzi. Ndikafa ndiwe." Anatenga banzi langa, anatuluka.

Ndinati ndiimirira 10:30 ndione sitima ikunyamuka. Kamutu kanagwa pamphambano, ndinawerama kukabweza. Nditadzuka m'chipinda mulibe munthu. Panja pomwe palibe, njanji yokha. Kumwamba koyera, kopanda kanthu kosonyeza kumene yalowera.

Ndinakhala mphindi 96 mpaka inabwera. Ndinayendetsa kamutu ndekha.

Masana ndinafunsa Remigio, ngati nkhani wamba, kuti injini ya Wafodya ukaikweza kamodzi ili chiyimire imamwa dizilo wochuluka bwanji. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati kotala ya lita, osapitirira.

Malichi 2017 mpaka Malichi 2019, miyezi 25. Kuchotsa iwiri ya madzi osefukira, 23. Kunyamuka ka 12 pa tsiku, 276. Za pa 14 Epulo sindinawerengere, utsi sunatuluke.

Dizilo wa kalabu amene anapsa chifukwa cha makutu anga, malita 69. Sindinabweze ndi limodzi lomwe.